Kadrill kanga tsopano kaima mowongoka

Bolodi yanga ya zamagetsi, ya kachip kotchedwa NE555, yatuluka bwino mu ferric chloride, mankhwala odya kopa wosafunika, mizere ya kopa yonse ili yosadukiza. Chatsala ndi mabowo, ndiye sabata ino ndathera pa choimikira drill.

Choimikiracho ndi cha thabwa la paini, ndipo drill imakwera ndi kutsika pa njanji za dirowa zomwe ndinapeza pa msika wa Taifa. Kukhoma sikunavute. Chovuta ndi kuti biti itsike mowongoka ndithu. Bolodi ya mtundu wa FR4 ngati yangayi ndi yochindikala mamilimita 1.6 okha, koma ulusi wagalasi umene uli mkatimo umabunthitsa msanga mabiti wamba achitsulo a HSS. Mabiti a carbide, omwe ndi olimba kwambiri, sabuntha choncho, koma sapindika ngakhale pang'ono: ya mamilimita 0.8 ikangolowa mopendekeka, imangoti thyo! Ndipo kuno ku Mzuzu si chinthu choti ungothamangira ku hadiweya kukagula ina.

Ndinayamba ndi kalilole. Ukamugoneka pansi pa biti, biti ndi chithunzi chake ziyenera kupanga mzere umodzi, ukayang'ana kutsogolo komanso cham'mbali. Zimathandiza, koma diso limakhululuka zambiri.

Chimene chandigwira mtima ndi kawaya. Ndinatenga waya wolimba, kumupinda ngati Z, mbali ina kulowetsa mu collet (kachitsulo kopanira biti mu drill), inayo kuloza pa tebulo patali pang'ono ndi pakati. Pulagi itazulidwa, ndinazunguza ndi zala pang'onopang'ono. Kumanzere nsonga inkakanda thabwa mpaka kumveka, kumanja inkadutsa m'mwamba moti kapepala kankalowa pansi pake osakhudza. Kupendekeka komwe kalilole sanandionetse, wayayu anakukulitsa mpaka kuoneka poyera. Ndinadula timapisi ta chitini cha zakumwa, n'kumalowetsa kamodzikamodzi kuseri kwa chogwirira drill, kumanga mabawuti, kuzunguzanso. Pano nsonga ikukhudza pepala mofanana kuzungulira konse.

Chachiwiri chinali kugwedera kwa biti ikamazungulira. Chuck, chopanira biti cha mano atatu, ndaichotsa, ndaika collet ya mamilimita 3.175, yomwe ndi saizi ya tsinde la mabiti a carbide. Ndinaipukutanso mkati, pakuti kafumbi kochepa kokha kamakhalitsa biti chammbali.

Mabowo asanu ndi atatu a soketi yokhazikapo NE555, otalikirana mamilimita 2.54, ndaboola usiku wathawu. Pakati pa padi iliyonse (kabwalo ka kopa pamene pakhale bowo) ndinasiya kadontho kopanda kopa, ndiye biti imangogweramo yokha. Soketi yalowa osapinda mwendo ndi umodzi womwe. Ndinakondwa kwambiri! Fumbi lake lokha ndilo loipa, musaboole FR4 opanda chotseka pamphuno.

Nkhawa yanga ndi chinyezi. Ndi mawawa a ku Mzuzu kuno thabwa limafufuma, choncho ndilipaka vanishi mbali zonse, ndipo kawaya kaja ndakapachika pa msomali pafupi kuti ndiziyeza ndisanayambe ntchito. Mawa ndi mabowo a milimita 1.0 a ma header (timapini tolumikizirapo mawaya) ndi diode ya 1N4007.