Mudi si dzala

Dzulo ndinadutsa pa mlatho wa Mudi pafupi ndi msika wa Blantyre. Madzi akuda bii, majumbo ndi mabotolo ali mbwee, fungo lake lotsekera mphuno. Koma chomwe chinandiwawa kwambiri ndi mipanda ya njerwa yofika mpaka pagombe penipeni. Abale, Freddy wa 2023 tamuiwala kale? Madzi akasowa podutsa amakalowa m'nyumba za anthu.

Malo a m'mbali mwa mitsinje khonsolo iwalembe m'mabuku kuti pano sipamangidwa, ngakhale ploti itagulitsidwa kakhumi. Tidzalemo nsungwi, vetiva ndi mibawa, mizu igwire dothi.

Loweruka ndikupita ndi khasu ndi mbande zanga zisanu. Ndani abwere ndi wilibala?