Momwe amayi anga anavotera okha pa 16 Sepitembala 2025

Amayi anga amakhala kwa Kasumbu, ku Dedza. Sukulu sanapite, ndipo Chingerezi samva. Cholinga changa chinali choti avote mwa kufuna kwawo, osati ine kuwagwira dzanja.

Kalembera sanavute. Kumapeto kwa 2024 tinapita ndi chitupa chawo cha unzika, a bungwe loyendetsa zisankho la MEC anawajambula n'kuwapatsa chiphaso. Itakwana nthawi yoona mayina m'kaundula tinabwereranso, dzina tinalipeza.

Ntchito yeniyeni inali pakhonde, madzulo. Mauthenga a MEC ndi a NICE, bungwe lophunzitsa anthu za chisankho, ankamveka pa wailesi m'Chichewa, ndipo amayi ankandiuza kuti ndikweze mawu. Koma wailesi sungaifunse funso. Ndiye ndinkatenga kope n'kujambula timabokosi, n'kuwafotokozera kuti mapepala ndi atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. La pulezidenti linali lalitali, opikisana analipo 17. "Amayi, musavutike ndi zilembo," ndinawauza. "Yang'anani nkhope ndi chizindikiro, muchonge kapena kudinda chala pabokosi limodzi basi." Anafunsa kuti nanga akakonda anthu awiri? Ndinawayankha kuti akachonga pawiri voti yawonongeka, siwerengedwa kwa aliyense. Funso limeneli ndi la ambiri, ndipo limatuluka pokhapokha munthu akamacheza m'chiyankhulo chimene amachimasukira.

Tinakambirananso za lamulo la 50+1, loti pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka, apo ayi awiri otsogola apikisanenso. Amayi amakumbukira bwino chisankho chobwereza cha 2020, choncho izi sizinawadabwitse.

Chimene ndinabwereza kwambiri ndi nthawi. Kale malo ovotera ankatseka 6 koloko madzulo, koma ulendo uno anali otsegula kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana. Mwezi wa Sepitembala anthu amakhala kudimba kuthirira ndiwo ndi mbatatesi, ndipo wozolowera zakale akanatha kufika atatseka. Amayi anakauza anzawo kutchalitchi, uthenga unayenda kuposa pepala lomata pamtengo.

Tsikulo tinalawira. Okalamba, amayi oyembekezera ndi aulumali amawalowetsa kutsogolo, ndiye sitinachedwe. Anaona dzina m'kaundula, anawapaka inki pachala, n'kuwapatsa mapepala. Lamulo limalola munthu wosaona kapena wovutika kuchonga kuti asankhe womuthandiza, ndipo ndinawakumbutsa. "Iwe khala pomwepo, ndazimva," anatero. Analowa okha mobisikamo, kenako anapinda mapepala n'kuponya lililonse m'bokosi lake.

Pamzere ndinakumana ndi mayi wina wokwatiwa kwathu kuno, wochokera kwa Tambala, kumene ambiri amayankhula Chiyao. Chichewa amamva, koma zofunika ankafunsa mwana wake m'Chiyao. Zinandikhudza. MBC imawerenga kale nkhani m'Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, ndiye ophunzitsa za chisankho m'midzi nawonso azitumizidwa motsatira ziyankhulo za deralo, ndipo aziyamba msanga, asanayambe kampeni andale.

Atatseka, mavoti anawerengedwa pamalo pomwepo mamonitala a zipani akuona. M'mawa mwake ndinapita kukaona zotsatira zimene anamata, ndinazikopera papepala, n'kukawawerengera amayi dzina ndi dzina.