Udokotala wa m'thengo umayesedwa munthu atatopa

Ku America kuli mpikisano wotchedwa MedWAR, umene madokotala othandiza anthu a ngozi anauyambitsa mu 2001 kufupi ndi mzinda wa Augusta, ku Georgia. Ine ndimaukonda kwabasi. Timagulu ta anthu ochepa, ambiri mwa iwo ophunzira udokotala, timathamanga, kupalasa bwato ndi njinga, n'kumasaka njira ndi mapu ndi kampasi. Kenaka mumangoona munthu ali thapsa m'njira, akubuula. Ndi wongoyerekeza inde, koma woweruza ali chilili pambali, ndipo mukalakwitsa mumalandira chilango chokubwezani m'mbuyo.

M'kalasi aliyense amadziwa kumanga mwendo wothyoka. Koma thamangani kaye maola angapo, njala ikuluma, manja akunjenjemera, magulu ena akukudutsani. Apo m'pamene munthu amaiwala kugwira phazi la wovulalayo kuti aone ngati magazi akufikabe, kapena amamanga chingwe choletsa magazi osalemba nthawi imene wamanga. Machira palibe, mupanga nokha ndi mitengo ndi majekete, ndipo wonyamulidwayo amalemera ngati thumba la mchenga.

Komatu zimene zimapha anthu m'mipikisano yeniyeni sizichita phokoso. Mu 2021 ku Gansu, m'dziko la China, anthu 21 anamwalira pa mpikisano wa makilomita 100 atakumana ndi mvula, matalala ndi chimphepo pamwamba pa phiri, ambiri atavala zopepuka. Kunali kuzizira basi. Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, nzeru zimayamba kubalalika, mwini wake osazindikira. Pa mpikisano wa m'thengo wotchedwa Eco-Challenge, pa chilumba cha Borneo mu 2000, ambiri anadwala leptospirosis, matenda ofala kudzera m'madzi oipitsidwa ndi mkodzo wa nyama, atasambira mumtsinje wa Segama. Ena anayamba kutentha thupi atafika kale kwawo.

Palinso wina amene wamwa madzi mopyola muyezo mpaka mchere wachepa m'magazi. Amasanza, mutu ukumupweteka, ndiye wothandiza waphuma amamumwetsanso madzi poganiza kuti ndi ludzu. Wangowonjezera vuto.

Ndikanakhala wokonza mpikisano wa MedWAR, wovulala wa magazi chuchuchu ndikanamuika koyambirira, chifukwa ameneyo palibe angamudutse. Chakumapeto, pamene aliyense akungofuna kukafika, ndikanaika munthu wonyowa, wopanda bala lililonse, woyankha mochedwa akafunsidwa dzina, kuti ndione magulu angati angaime n'kumuvula zonyowazo.