Makuponi a fizi ku America: zimene ndawerenga sabata ino

Sabata yonseyi ndakhala pa nkhani imodzi basi, ya mavaucha a sukulu ku America, chifukwa ndi imene ndasankha pa asayimenti ya kosi yathu ya ndondomeko za maphunziro. Tsiku loyamba mawu oti vaucha anandizunguza mutu mpaka ndinangodziuza kuti iyi ndi kuponi, ngati makuponi a feteleza aja, kungoti uku boma likupereka ndalama yoti kholo likalipire fizi ya mwana ku sukulu ya pulayiveti m'malo mwa ya boma. Nditangoimva choncho ndinaikonda zedi, chifukwa ine ndaphunzitsako ku pulayimale ndipo ndikuwakumbukira ana anzeru kwambiri omwe makolo awo ankalakalaka atawapititsa kwina koma m'thumba munalibe kanthu.

Ndipo chiyambi chake sichoipa ayi. Ganizoli analitchukitsa ndi katswiri wa zachuma Milton Friedman mu 1955, koma pulogalamu yeniyeni ya masiku ano inayamba mu 1990 mu mzinda wa Milwaukee ku Wisconsin, ndipo amene anailimbikira mu nyumba ya malamulo anali mayi wachikuda, Polly Williams, yemwe ankafuna kuti ana a mabanja osauka apeze potulukira. Inali ya osauka okhaokha. Mu 2002 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa ku Cleveland, linagamula kuti ndalamazi zikhoza kupitanso ku sukulu za mipingo, ndiye chitseko chinatseguka.

Pamene mtima wanga unayamba kusintha ndi pa chigawo cha Arizona. Kumeneko mu 2011 anayambitsa maakaunti otchedwa Empowerment Scholarship Accounts, momwe boma limaikamo ndalama zoti kholo ligwiritse ntchito pa maphunziro a mwana, poyamba a ana olumala okha, kenako nkumawonjezera magulu ena pang'onopang'ono. Mu 2017 aphungu anafuna kuti afikire aliyense, anthu anasonkhanitsa masiginecha kuti nkhaniyo ipite ku voti, ndipo mu 2018 pafupifupi awiri mwa atatu alionse anakana. Koma mu 2022 aphungu anabweretsanso lamulo lomwelo mokulirapo, gavanala Doug Ducey nkusayina, ulendo uno masiginecha sanakwane, ndiye mwana aliyense wa ku Arizona, wolemera kaya wosauka, akhoza kulandira ndalama zokwana pafupifupi 7,000 dolazi pachaka. Ana olandira anachoka pa 12,000 kufika kupitirira 70,000 m'zaka ziwiri zokha.

Ndiye apa ndi pamene ndinaima kaye, chifukwa mwa amene anafunsira m'miyezi yoyamba, pafupifupi atatu mwa anayi alionse analibe mbiri yoti anali pa sukulu ya boma, kutanthauza kuti ambiri anali kale ku pulayiveti kapena ankaphunzirira kunyumba, makolo awo ankakwanitsa kale, boma langobwera kudzawathandiza kulipira chinthu chomwe ankalipira okha. Mwana uja ndimamuganizira ine, wa mayi wogwira maganyu, ali kuti pamenepa? Kuponi ikapanda kukwanira fizi yonse uyenera kuwonjezerapo zako, ngati momwe mlimi amawonjezera ndalama pa kuponi ya feteleza, ndipo amene alibe zowonjezerazo amangoiyang'ana. Palinso thiransipoti, yunifolomu, komanso sukulu ya pulayiveti ili ndi ufulu wosankha yemwe ikufuna kumutenga, pamene ya boma siingabweze mwana pakhomo.

Zigawo zina zinatsatira mwachangu, Iowa, Arkansas ndi Florida onse mu 2023, koma ya Texas ndi imene yandiphunzitsa kwambiri. Kumeneko amene anakana kwa nthawi yaitali sanali otsutsa okha, analiponso aphungu a chipani cha Republican cha gavanala Greg Abbott yemwe, makamaka ochokera kumidzi. Chifukwa chawo ndinachimva bwinobwino: kumudzi kwawoko sukulu ya pulayiveti kulibe, sukulu ya boma ndi imene imalemba anthu ntchito, ndi komwe ana amasewera mpira anthu onse nkusonkhana Lachisanu madzulo, ndiye ndalama zikachoka mu thumba la boma kupita ku makuponi, iwo sapindula kanthu. Mu 2023 analigwetsa lamulolo, mu 2024 Abbott anachita kampeni yolimbana nawo pa chisankho cha chipulula ndipo angapo anagwa, ndiye mu May 2025 anasayina lamulo la ndalama zokwana 1 biliyoni dolazi, pafupifupi 10,000 dolazi pa mwana. Kunena chilungamo, lamulo la Texas limati ofunsira akachuluka ayambe kaye ndi ana olumala ndi a mabanja opeza zochepa, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna ndidzachione ngati chidzatsatidwedi.

Pa nkhani ya makhozedwe, ine ndimayembekeza kuti mwana akapita ku pulayiveti malikisi amakwera basi, koma kafukufuku wa ku Louisiana anapeza kuti ana omwe anasamuka ndi mavaucha anatsika pa masamu, makamaka chaka choyamba, ndipo anatsika kwambiri. Izi zinandipweteka chifukwa makolo amenewo anasamutsa ana awo ndi mtima wabwino. Komanso sindikufuna kuwanyoza makolo a mwana wolumala ku Arizona amene akuti akauntiyi inawapezera mphunzitsi womumvetsa mwana wawo, amenewo akunena zoona ndithu.

Mnzanga wa mu gulupu yathu akuti ndikukondera boma, akuti ndalama ndi za mwana osati za sukulu. Tinakambirana mpaka usiku pa WhatsApp. Ndinamuuza kuti mu November 2024 anthu a ku Kentucky ndi Nebraska atafunsidwa mwachindunji pa voti anakana, ngakhale ndi madera omwe chipani cholimbikitsa mavaucha chimapambana mosavuta, iye nkuti voti siisintha zoti kholo ndi limene limamudziwa mwana wake. Sitinagwirizane. Asayimenti yanga ndaganiza kuti ikhale yoyerekeza Milwaukee ya 1990 ndi Arizona ya 2022, ndione kuti mabanja olandira anasintha bwanji pamene malire a chuma anachotsedwa, ndipo mawa ndikuyamba ndi malipoti a bajeti ya Arizona.