Dziwe losambira, sabata lachisanu ndi chimodzi: nkhani ya sefa

Matailosi onse aikidwa, simenti yauma, koma chomwe chandisowetsa tulo sabata ino ndi sefa. Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga: ndinathamangira kugula pampu. Ndinangoona yamphamvu n'kuti basi ndi imeneyi, osadziwa kuti pampu ndi sefa zimasankhidwa limodzi.

Masamu ake ndawachita mochedwa. Dziwe langa ndi la mamita 8 m'litali, mamita 4 m'lifupi, ndipo kuya kwake tikaphatikiza kozama ndi kosazama ndi mita 1.4. Ndiye kuti limalowa malita pafupifupi 45,000. Madzi onsewa amafunika adutse m'sefa kamodzi pa maola 8, kutanthauza malita 5,600 pa ola. Pampu yangayo imakankha malita 14,000 pa ola! Pampu yotere ukailumikiza ku sefa yaing'ono ya mchenga, madzi amaboola tinjira mumchengamo n'kumangodutsa ndi litsiro lomwe.

Mwa mitundu itatu ya sefa imene ndinaiganizira, ya ufa wa DE (diatomaceous earth, ufa woyera wosalala wosefera madzi) sindinachedwe nayo. Imagwira tizinthu tating'ono kwambiri, mpaka ma micron 5 kutsika m'munsi (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), koma ufawo umafuna kuthiranso ukangotsuka, komanso si wabwino kuupuma. Ine ndimadzidziwa, zimenezo sindingazikwanitse.

Ya cartridge, yomwe imasefa ndi chinthu chamakwinya chonga pepala, ndiye inandikopa kwa masiku angapo. Imasefa bwino kuposa mchenga, ma micron 10 mpaka 20, ndipo sitaya madzi ambiri potsuka. Koma kutsuka kwakeko! Kuzimitsa pampu, kutulutsa mpweya, kutsegula chivundikiro, kusolola chinthucho, n'kumachipopera madzi khwinya ndi khwinya. Pafupi ndi dziwe pali mtengo umene umayoyola timaluwa tosatha. Ndinadziona ndili wogwada pamenepo Loweruka lililonse, mtima n'kukana.

Ndiye ndatenga ya mchenga, thanki ya mamilimita 600 m'mimba mwake, yomwe ikugwirizana ndi pampu ija. Inde, imangogwira za ma micron 20 mpaka 40, koma tsitsi la munthu palokha ndi ma micron pafupifupi 70, ndiye maso anga sadzaona kusiyana kwenikweni. Ndere ndi ntchito ya klorini. Mchengawo umatha zaka zingapo usanasinthidwe.

Kuika kwake kunanditengera tsiku lathunthu. Ndinayamba ndathira madzi mpaka theka la thanki kuti mchenga usathyole timapaipi ta pansi pa thankiyo, n'kumata kukamwa kwa paipi yapakati ndi tepi. Mchenga ndinkathira pang'onopang'ono ndi kachitini, msana uli wawawa. Nditamaliza ndinaika valavu pa backwash, pomwe madzi amayenda chobwerera kutsuka mchenga. Mu kagalasi kam'mbali madzi anayamba ali mbuu ngati a mumtsinje nthawi ya mvula, patapita mphindi zitatu anayera. Kenako rinse (kutsukuluza) kwa theka la mphindi, ndiye filter (kusefa kwa masiku onse). Chogwirira cha valavu sachitembenuza pampu ikulira, mphira wam'kati umang'ambika. Ndalemba zimenezi pakhoma chifukwa ana anga manja awo sakhazikika.

Geji yoyeza mphamvu ya madzi m'thanki inaima pa 10 psi, ndipo ndajambulapo kamzere ndi cholembera chosafufutika. Ikadzakwera kufika pa 18 kapena 20, ndiye kuti mchenga wadzadza litsiro, nthawi yotsuka yakwana.

Chatsala ndi chimodzi: polumikizira paipi yochokera ku pampu pakudontha, dontho limodzi pa masekondi angapo. Ndikuganiza kuti kamphira kake kanakhala mopendekeka. Mawa ndimasula ndione.