Magiya a Manja Kapena a Otomatiki pa Galimoto Yakale Yogonamo

Galimoto yanga ndi Toyota HiAce yakale imene ndinaikamo bedi ndi kabati, ndipo ndimagonamo ndikapita kukaona makolo ku Ulónguè. Ndisanaigule, alamu anga anandilimbikitsa kuti ndifune ya otomatiki, poti mwendo wakumanzere sutopa ndi kuponda kilachi pamzere wautali wa malole a ku Moatize. Ananena zoona, koma ine ndinasankha ya magiya a manja.

Chifukwa chachikulu ndi kutentha kwa kuno ku Tete. Giyabokosi ya otomatiki imadalira kwambiri mafuta ake, ndipo galimoto yolemedwa ndi katundu ikamakwera zitunda zopita ku Angónia m'mwezi wa Okutobala, mafutawo amatentha mopitirira muyeso, amada n'kumanunkha ngati apserera, kenako magiya amayamba kuterereka. Amakaniko odziwa kutsegula giyabokosi yotereyi ngosowa kumidzi, pamene kilachi ikatha ambiri amatha kuisintha pansi pa mtengo.

Tsiku lina m'mamawa batire linafooka pafupi ndi Zóbuè. Anyamata anayi anandikankhira galimotoyo, ndinaika giya yachiwiri n'kusiya kilachi mwadzidzidzi, ndipo injini inalira nthawi yomweyo. Ikanakhala ya otomatiki, ndikanakhala pomwepo kudikira wondibwereka batire.