Mmene ndinafupikitsira nkhani ya mkungudza ya mapeji 4

Amayi a tcheya a gulu lathu la nazale anandiimitsa Lachiwiri madzulo ndikuchokera ku Chitakale, akuti alembi taimani kaye, nde anatulutsa mapepala m'chikwama atawapinda pakati, ofotokopa, mapeji 4 Chingerezi chokhachokha mpaka kumapeto. Akuti awapatsa a zankhalango atapita kuboma, nkhani yake ndi ya mkungudza wa m'phiri lathuli la Mulanje, Loweruka pa msonkhano amfumu adzakhalapo nde mudzatiuze zomwe zalembedwamo koma musadzatisunge mpaka dzuwa kulowa, anthu akusosa m'minda. Ndinangoti chabwino amayi poti ulembi wa gululi ndinauvomera ndekha.

Chifupikitso kusukulu tinaphunzira, pa Chichewa pomwe pa Chingerezi pomwe, aliyense amene analembako mayeso a MANEB a Fomu 4 akudziwa kuti sungachizembe. Koma kuja tinkangofuna malikisi. Apa panali anthu oposa 30 oti andimvetsere, ena azigogo oti sukulu sanapite nayo patali koma phirili amalidziwa kuposa wolemba nkhaniyo, ena anali macheka kale, ena mpaka pano amanyamulira alendo katundu kuchokera pa Likhubula, nde ukawanamiza amakugwira pompo.

Usiku woyamba ndinalakwitsa ndipo ndinena mmene ndinalakwitsira chifukwa ambiri timagwa pomwepa. Ndinayamba kuwerenga bolopeni ili kale m'manja, chiganizo chilichonse chikuoneka chofunika nde ndikungodula mizere kunsi, pofika peji yachiwiri pepala lonse linali buluu. Kenako ndinatenga kope nkuyamba kutembenuza m'Chichewa chiganizo ichi, kudumpha chinacho, kutembenuza chotsatira, choncho mpaka tochi ya foni kuyamba kuzilala. Zinatuluka mapeji 3 a kope. Nditawerenga mokweza foni ikuwerenga nthawi zinanditengera maminitsi 11 ndipo ine mwini wake sindinamve kuti mutu uli kuti mchira uli kuti. Kumeneko kunali kumasulira kodumphadumpha basi.

Lachitatu m'mawa ndinapita kwa amalume, anali aphunzitsi zaka zambiri pano anapuma. Ndinawapatsa kope kuti aone koma sanalitsegule nkomwe, anatenga mapepala a Chingerezi aja nkuwavundikira pa tebulo nkuikapo kapu yawo ya tiyi pamwamba.

“Tandiuza mphwanga, nkhaniyi ikuti chani?”

Ndinati amalume ikuyamba ndi mtolankhani akukwera phiri ndi...

“Sindinakufunse poyambira. Utakumana ndi agogo ako pa chigayo nkukufunsa kuti pepalalo likuti chani, ungawayankhe kuti bwanji?”

Ndinakhala chete. Nkhani ndinaiwerenga usiku onse koma sindinathe kuinena. Nde anandibwezera mapepala aja akuti pita pansi pa mpeyala apo ukawerenge kawiri, bolopeni usiye pano.

Ulendo woyamba ndinangowerenga ngati mmene umamvera nkhani pa wailesi, osaima ngakhale mawu ena akundipita. Wachiwiri ndi womwe ndinaima pa mawu ovuta, ndipo sikuti onse ayi, okhawo amene akusowetsa tanthauzo la ndime yonse. Limodzi linali endemic, linabwera katatu konse, nditayang'ana pa foni ndinapeza kuti akutanthauza chinthu chopezeka malo amodzi okha mwachilengedwe. Pamenepo mpomwe nkhani inatseguka, kuti zonse zomwe wolembayo akudandaula zikuchokera poti mtengo umenewu ukatha muno ndiye kuti m'chilengedwe watha dziko lonse lapansi, kulibe phiri lina lomwe umamera wokha. Mawu amodzi okhawo ndikanawadumpha ndikanafupikitsa nkhani yomwe sindinaimve.

Nditabwerera pakhonde ndinawauza m'chiganizo chimodzi kuti mkungudza wa Mulanje watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudula ndi moto, ndipo ungabwerere pokhapokha mbande zomwe anthu a m'midzi akufesa zikadzalidwa nkumatetezedwa. Amalume anati eya umenewo nde mzati, ulembe pamwamba pa peji yatsopano, china chilichonse chofuna kulowa mnyumbamu chiziyamba chatsamira pamenepo.

Apa mpomwe anandibwezera cholembera, koma pensulo osati bolopeni. Ndime zinalipo 14, ndinazipatsa manambala m'mbali, kenako pa ndime iliyonse kulemba timawu 3 kapena 5 tonena zomwe ndimeyo yabweretsa. Ndime 3, umamera muno mokha. Ndime 4, chiswe sichidya suwola msanga nchifukwa chake umafunidwa. Ndime 6, moto. Chonchobe mpaka kumunsi. Ndipo zimadabwitsa mukamachita chonchi, mumapeza kuti ndime zina zazitali zilibe chatsopano chilichonse. Ziwiri zoyambirira zinali za ulendo wa mtolankhani, nkhungu, kutopa kwa miyendo, kafungo ka thabwa lomwe anamununkhitsa gaidi wake, m'mbali mwake ndinangoika kamzere. Za moto zinabwera pa ndime 6, pa 9 komanso pa 12 ndi zitsanzo zosiyana koma mfundo yake imodzi, nde ndinazimanga pamodzi. Pa ndime 14 zija mfundo zenizeni zinatsala 6.

Kutaya ndi komwe kunandivuta kwambiri, sindinama. Munali zinthu zoona zokoma zoti ndimafuna anthu azimve. Mwachitsanzo dzina la sayansi la mtengowu ndi Widdringtonia whytei ndipo mbali yachiwiriyo inachokera kwa Alexander Whyte, mzungu wa ku Scotland wodziwa za zomera amene anakwera phirili nthawi ya atsamunda, ine zimenezi sindinkazidziwa ndipo zinandisangalatsa zedi. Munalinso zoti Sapitwa, nsonga ya phirili, ndi wotalika mamita 3,002, zoti phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, ndi mayina a mabungwe akunja angapo. Amalume funso lawo linali limodzi lokha nthawi zonse, ukachotsa chimenechi mzati ugwa? Ndikati ayi sugwa, akuti chotsa. Whyte anachoka, Sapitwa anachoka poti ndani kwathu kuno angafune kuuzidwa kuti Sapitwa ndi wamtali, 1927 inachokanso. Zaka zomwe ndinasunga ndi 1984 pomwe mkungudza unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lathu, ndi 2017 ya kalembera wa mitengo, chifukwa ziwirizi ukaziika pafupi zimalankhula zokha. Ya UNESCO tinakanganako pang'ono, iwo amati ichoke ine ndinati ayi amalume nkhani yonseyi yalembedwa chifukwa mu Julaye 2025 phiri la Mulanje linalowa m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, wolembayo wathera pomwepo, nde tinagwirizana kuti ilowe koma chiganizo chimodzi basi.

Kenako ndinakopera timfundo 6 tija pa kapepala kapadera, mapepala enieniwo ndinawavundikiranso pansi pa kapu, nkuyamba kulemba. Izi musazione ngati zazing'ono. Pepala likakhala lotsegula maso amathawira komweko, dzanja limangotsatira ziganizo za mwini wake ndipo Chichewa chake chimatuluka cholimba ngati chinangwa chosapsa. Likakhala lovundikira umakakamizika kunena mmene umalankhulira. Ndinasinthanso ndondomeko, wolemba anayamba ndi ulendo wake nkumabwera pang'onopang'ono, ine ndinayamba ndi mzati uja, kenako chifukwa chake mtengowu ndi wofunika, chomwe chawutha, kenako zomwe zikuchitika pano.

Nditamaliza ndinkaona ngati basi ntchito yatha koma amalume anati tsopano vundukula ufananize mzere ndi mzere, ndipo mpomwe panapezeka zolakwika ziwiri zomwe zikanandichititsa manyazi pamaso pa amfumu.

Choyamba ndinalemba kuti m'phiri monse mwatsala mitengo ya mkungudza 7 yokha. Nkhaniyo sinatero. Inati kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yokhwima 7 yokha. Pofuna kuchepetsa mawu ndinataya ikuluikulu, ndinataya yokhwima, ndinatayanso chaka, nde chiganizo chinafupika koma chinasanduka bodza. Tangoganizani ndikanawerenga zimenezo pamaso pa anthu oti ndi manja awo anasenza mbande kukwera nazo kukadzala, akanati mwana uyu akuti zomwe tinadzala zija kulibe? Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti timawu ngati ena, pafupifupi, mwina, m'chaka chakuti, timaoneka tosafunika koma ndi tomwe timagwira choonadi cha chiganizo, ofunika kudula ndi mawu okometsera osati amenewa.

Chachiwiri chinali chowawa. Kumapeto ndinalemba kuti kudula mitengo m'phiri nkomwe kunachititsa kuti miyala ndi matope zitsike nthawi ya namondwe wa Freddy. Amalume anaika chala pamenepo nkufunsa kuti izi wanena ndani, wolembayo kapena iwe? Ndinasaka m'mapeji onse 4, za Freddy munalibemo ngakhale mzere umodzi. Zinachokera mumtima mwanga, chifukwa Malichi 2023 sitidzamuiwala kuno, azakhali anga nyumba inapita ndi madzi usiku anatsala ndi chitenje chomwe anavala, ndipo akuluakulu amakumbukanso napolo wa ku Phalombe wa 1991, nde ukamva za mitengo ya m'phiri maganizo amathamangira komweko. Ndinawauza amalume kuti koma anthu akuyenera kumva zimenezi. Anandiyang'ana kanthawi ndithu nkunena motsitsa kuti ndikukumva mphwanga, udzanene, koma udzayambe watseka kope nkunena kuti awa tsopano ndi maganizo anga, usamuveke mnzako malaya oti si ake, mawa wina akadzawerenga nkhaniyo nkupeza mulibemo sadzakhulupiriranso chilichonse chomwe udzawerenge. Ndinafufuta chiganizocho ndi chala chonyowa poti labala panalibe.

Chotsala chinali kuwerenga mawu. Anakwana 170, amalume amafuna asapitirire 120 ngati mmene pa mayeso amakupatsira malire. Ndinachotsa zonse za monga tonse tikudziwa, nkhaniyi ikupitiriza kunena kuti, ndi zina zotero zongodzaza malo, mawu oti wolemba akuti ndinawasiya kamodzi koyambirira kuti anthu adziwe kuti mawuwa ali ndi mwini wake. Zomwe zinatsala ndi izi:

Wolemba nkhaniyi akuti mkungudza wa Mulanje, womwe mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha, watsala pang'ono kutha. Unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi mu 1984, koma poti matabwa ake sadyedwa chiswe ndipo saola msanga anthu akhala akuudula mozemba, ndipo kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yokhwima 7 yokha. Moto wolusa, nsabwe za m'mitengo komanso paini wobwera yemwe anafalikira m'phirimu zawonjezera vutoli. Magulu a m'midzi yozungulira akufesa mbande ndipo zambiri zadzalidwa kale, koma zambirinso zimapsa zisanakule, choncho ntchito yaikulu ndi kulambula njira zotchinga moto ndi kulondera. Phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025 ndipo izi zikuonjezera udindo wolisamala.

Lachisanu usiku ndinawawerengera agogo aakazi ali pamoto akuphika kalongonda, osawauza kanthu kena, kenako ndinawafunsa kuti agogo mwamva kuti chani. Anati ndamva kuti sida, mkungudza uja, akutha, kudzala kokha sikukwanira moto ndi womwe ukupha ana ake. Ndinadziwa kuti zafika.

Loweruka pansi pa mtengo wa mango wa kwa amfumu kuwerenga konse sikunakwane maminitsi 2. Nditatseka kope ndinapempha kwa amayi a tcheya kuti ndiwonjezere anga, ndinanena za Freddy ndi za azakhali, anthu anang'ung'udza movomereza ena anatsutsa kuti mvula imene ija ngakhale mitengo ikanakhalapo miyala ikanatsikabe, zinakambidwa ndithu kwa kanthawi. Kenako bambo wina wachikulire yemwe anali macheka kale anaimika dzanja nkufunsa kuti alembi, mitengo 7 imeneyo ili mbali iti, ku Chambe kapena ku Lichenya? Ndinatsegula mapepala aja nkuyang'ananso ndime 7 ndi 8, ndinati bambo nkhaniyi sinatchule malo ake. Anagwedeza mutu nkuti bola sanatchule. Amfumu anatseka msonkhano, amayi a tcheya anatenga mapepala awo nkuwapindanso pakati, ife tinatsikira ku nazale kukathira dothi m'machubu poti Disembala wayandikira ndipo otsala kudzaza anali ambiri.